Maliro a apongozi anga, eni ake ali kudimba

Apongozi anga aakazi, aNachisale, analiridwa maliro ali moyo, masanasana, tsiku la msika pa Nsaru, ndipo amene anayambitsa ndi ine. Sindinaname, sindinatume munthu, pakamwa penipenipo sindinatsegule. Ndinangoika filimu. (Ku nyuzipepala anatiphunzitsa kuti chachikulu chiziyamba, zina zizitsatira. Chachikulu ndi chimenecho. Zotsatirazi ndi zimene ndimafotokoza anthu akasiya kuseka.)

Zinachitika m'zaka zija foni inali yoimbira ndi kuunikira basi. Wofuna kuonera kanema ankapita ku vidiyo, ndipo vidiyo imene ndikunena inali ya alamu anga a Yohane. Inali nyumba ya zidina yofolera malata akale, mazenera otsekedwa ndi ziguduli za fodya, mabenchi a bulugama amene ankakutsina ukakhala molakwika. Mkatimo munkanunkha mtedza wokazinga ndi thukuta. Nyumbayo inayang'ana kumsewu, ndipo kuseri kwake kunali bwalo ndi nyumba ya amayi awo.

Chofunika kuchidziwa bwino pa nkhaniyi ndi sipika. A Yohane anamangirira chisipika chachitsulo mumtengo wa mango pambali pa vidiyoyo, waya n'kulowa pazenera mpaka pa kanema. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo msika wonse unkamva zibakera, mfuti, matayala a galimoto, ndi mawu a a Yohane eni ake, amene ankagwira maiki n'kumamasulira mmene afunira. Munthu wa ku China akakwiya pa kanema, pa sipika ankamveka akufunsa kuti mbuzi ya agogo ake yapita kuti. Sipikayo ndiyo inkaitana anthu. Inkakhala chete pa zifukwa ziwiri zokha: magetsi akazima, kapena pafupi pakagwa maliro. Ndipo aliyense ankadziwa kusiyanitsa, chifukwa magetsi akazima chigayo nachonso chinkaima.

Ine nthawi imeneyo ndinali mtolankhani wamng'ono mumzinda wa Lilongwe, wolemba nkhani za kukhoti, ndipo ndinali ndi matenda anga. Ndinkakonda mafilimu oopsa, koma osati aja a magazi ndi zikwanje, kapenanso aja a mfiti zouluka pa lichero. Ndinkakonda aja achete, amene palibe chikuchitika koma iwe wayamba kale kuyang'ana kumbuyo. Kufikira lero mukandipatsa mpata ndikuuzani kuti anthu a ku Japan amadziwa kuopseza ndi chitseko chongotseguka pang'ono, ndipo ndikutchulirani ija ya mphunzitsi amene m'kalasi mwake mumawonjezereka desiki m'mawa uliwonse. Ndikuuzani za ija ya ku Korea ya telala amene amasokera zovala kasitomala amene anthu ena onse samuona. Ndikuuzaninso za ija ya ku Argentina ya bambo amene galu wake wasiya kumuzindikira, kenako mkazi wake, kenako iye mwini. Mafilimu otere sakudzidzimutsa. Amakutsatira mpaka kunyumba n'kukhala nawe pampando. (Mwaona? Ndayamba kale. Anzanga a kuntchito ankati ndikafika pa galu uja iwo amakumbukira kuti ali ndi foni yoti aimbe.)

Chimene chinandibweretsa pa Nsaru sichinali mafilimu. Anali Esnati, mlongo wawo wa a Yohane, amene ankaphunzitsa pa pulayimale ina cha ku Kabudula. Chinkhoswe chathu chinali Loweruka la sabata imeneyo, ndipo ndinatenga tchuthi kuti ndikaonekere. Kuonekerako kunali kofunika, chifukwa akuchikazi anali asanandikhulupirire kwenikweni. Amalume ake a Esnati, a Kamwendo, amene anali nkhoswe, ankati munthu wolandira malipiro chifukwa chonena za eni ake ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Za apongozi anga sindinkadziwa maganizo awo, poti mwa mwambo wathu sitinkalankhulana. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira m'tchire. Ndinali nditawadziwa bwino msana wawo ndi mawu awo, koma nkhope ndinkangoiba ndi diso limodzi.

Mfundo ina: aNachisale anali atangotuluka kumene m'chipatala cha mishoni cha ku Namitete, kumene anagonekedwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Kwa masabata angapo sanatuluke m'nyumba. Msika wonse unkadziwa zimenezi.

Tsiku la msika lija, a Yohane ndi Esnati ananyamuka m'mamawa kupita kutauni kukagula nsalu ndi mabeseni a pachinkhoswe. Vidiyo anandisiyira ine. A Yohane anandionetsa katoni ya zimbale, anati ya karate ndiyambe nayo m'mawa, ya ku Nigeria masana, ndipo ndikasowa chonena pa maiki ndizingoti wamumenya. Ndinawakumbutsa mkangano wathu wakale, wakuti anthu a pa Nsaru akuyenera kuonako zina zapamwamba.

"Alamu," anatero akuthamangira minibasi, "anthu kuno amabwera kudzaona wina akumenyedwa. Zoganiza ali nazo kale kunyumba."

Minibasi itangokhota, ndinatsegula chikwama changa. Ndinali ndi chimbale chimodzi chimene ndinkachikonda kuposa zonse, filimu ya kumpoto kwa Ulaya, kumene kumagwa chipale chofewa. Ndi nkhani ya mayi amene amakhala yekha m'nyumba ya matabwa, mwamuna wake atapita kukagwira ntchito kutali osabwerako. M'mawa uliwonse mayiyo amamwa tiyi m'kapu imodzi, koma akabwera kudzatsuka amapeza makapu awiri akuda. Nyimbo mulibe. Mawu ndi ochepa kwambiri, oti mukhoza kuwalemba onse pa chikhatho. Ndinatenga choko n'kulemba pa bolodi la panja kuti lero kuli zoopsa, ofooka mtima asalowe. Palibe njira yachangu yodzazira nyumba ndi amuna kuposa imeneyo. Mabenchi atadzaza ndinatseka chitseko, n'kutsitsa chiguduli, ndipo maiki ndinaiika m'katoni. Filimu yotere, ndinadziuza, munthu saiyankhulira pamwamba. Za waya wopita mumtengo sindinaganizeko n'komwe.

Poyamba zinavuta. A Dikisoni, ometa tsitsi pafupi ndi depoti, amene sankaphonya filimu, ndiwo anayamba kudandaula kuti mawu afa. Ndinawauza kuti sanafe, adikire. Anafunsa ngati mayiyu azingotsuka makapu mpaka tsiku lachiweruzo. Wina kumbuyo anafunsa kuti wankhondo afika liti. Ine ndinkangonong'oneza Chichewa cha mawu ochepa achingerezi amene ankalembedwa m'munsi, thukuta likutsika.

Kenako panafika pamene mayi uja amabisa kapu yachiwiri ija m'bokosi, n'kulikhoma, n'kugona ndi kiyi m'manja. M'mawa apeza kapu ili pathebulo, ikutuluka nthunzi. M'nyumba monse munangoti zii. Amene ankatafuna mtedza anasiya. A Dikisoni anakweza miyendo pabenchi. Ndikunena zoona, sindinanyadepo chotero pa moyo wanga, ngakhale tsiku limene nkhani yanga inatuluka patsamba loyamba. Ndinkangolakalaka a Yohane akanaona.

Zimene zinkachitika kunja ndinazitolera pambuyo pake, kwa mboni zambiri, ndipo zikugwirizana. Amayi ogulitsa tomato ndiwo anayamba kuzindikira kuti sipika ili chete. Anatchera khutu kuchigayo, chigayo chinkalira bwinobwino. Wina anakumbukira kuti waona a Yohane ndi mlongo wawo akuthamangira minibasi m'mamawa, nkhope zili gwa, osalankhulana. (Anali atakangana za mtundu wa nsalu. Esnati ankafuna yobiriwira.) Wina anati paja amayi awo aja sanachire bwino. Palibe amene ananena mawu enieniwo, koma anthu anayamba kulankhula motsitsa.

Ndiyeno mayi wa mufilimu uja analira. Amene anaionera akudziwa malo ake. Amakhala pansi m'khitchini, n'kuyamba motsika ngati akung'ung'udza, kenako kukwera, kukoka mpweya, kukweranso, popanda liwu ndi limodzi lomwe. Amalira nthawi yaitali, kamera osasuntha. Chisipika cha mumtengo wa mango chinatenga kulira kumeneko n'kukumwaza pamsika ponse. Ndipo kulira kwa mayi kulibe chilankhulo.

Woyamba kuyankha anali aNambewe. Awa anali oyandikana nawo dimba apongozi anga, ndipo awiriwa anali atatha zaka zambiri osapatsana moni chifukwa cha chitsime chimene aliyense ankati chili mbali yake. ANambewe anali pamzere kuchigayo. Anasiya chimanga chawo pomwepo, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuuyamba wa kubwalo kwa aNachisale manja ali kumutu, akulira. Kwathu mayi safika pamaliro ali duu n'kuyamba kufunsa mafunso. Amafika akulira kale. Amayi ena anawatsatira. Atafika anapeza chitseko cha nyumba chili ndi loko, ndipo nkhani inakwanira: amwalirira kuchipatala, ana apita kukatenga thupi. Pofika nthawi imeneyo mayi wa mufilimu anali atatonthola, koma kulira kunali kutapeza eni ake. Aliyense wofika ankaganiza kuti amene anafika patsogolo pake ndiye akudziwa.

Zina zonse zinayenda mmene zimayendera, mwadongosolo loti boma likanasirira. Anyamata anathyola nthambi n'kuyala pamsewu mbali zonse ziwiri. Akabaza anayamba kutsika njinga podutsa. Mawailesi a m'magolosale anazimitsidwa, chigayo chinaima. Amayi anayamba kubwera ndi timabeseni ta ufa ndi mitolo ya nkhuni, ena atavala kale zoyera za kumpingo. Amuna anakhala pansi pa mango, zipewa zili pamaondo. Vidiyo anaiona ili yotseka, ndipo anati n'zoyenera. Munthu wina wachifundo anaimbira foni a Yohane kutauni. Anangoti, "Pepani achimwene, tamva za amayi, limbani mtima," mayunitsi n'kuthera pomwepo.

Mkati muja tinayamba kumva kulira kochokera kumbuyo kwathu. Mayi wa pa kanema anali chete, akuyang'ana pazenera, koma kulira kunkamveka, kwa anthu ambiri, ngati kukuchokera kuseri kwa khoma. Ine ndinali nditaionera filimuyi kangapo ndipo malo amenewa sindinkawakumbukira, koma m'tauni ndinkaionera pa kanema kakang'ono. Ndinaganiza kuti zida za a Yohane zikutulutsa zimene zanga zinkabisa. Ndinatembenukira anthu n'kuwanong'oneza kuti amve ukatswiri umenewu, kuti opanga filimu akufuna ife timve ngati akulirawo ali kuseri kwa nyumba ino. Bambo wina anasuntha kuchoka kukhoma. (Nthawi zina ndikamasamba mawu amenewa amandibwerera, ndipo ndimangoima ndi sopo m'manja.)

Kenako kunayamba nyimbo ya maliro, ya m'buku lathu la nyimbo za kumpingo. Ndinayamba kukayika. Ndiyeno liwu lina linakwera pamwamba pa onse, lomveka bwino: "ANachisale mwatisiya bwanji, mayi ine!"

A Dikisoni anatsitsa miyendo pang'onopang'ono. "Akulu," anatero, "azungu a kozizirawa aNachisale awadziwira kuti?"

Ndinatsegula chitseko. Dzuwa linandithobwa m'maso, ndipo nditayamba kuona ndinaona nthambi pamsewu ndi anthu odzaza mpaka kubwalo la kuseri. Apa nthabwala ndiziike kaye pambali, chifukwa chimene ndinaganiza n'chakuti apongozi anga amwaliradi, ali okha kuseri, ine ndikuonetsa makapu. Ndinavula kapusi n'kukakhala pakati pa amuna pansi pa mango. Patapita kanthawi ndinafunsa bambo wa pambali panga kuti zachitika nthawi yanji. Anandiyang'ana n'kunena kuti iwo amati afunse ine, wa pakhomo. Ndinafunsa kuti amva kwa yani. Anati kwa akazi awo. Akazi awo anamva kwa yani? Anamva kulira. Ankalira ndani? Bamboyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo pamwamba pa mitu yathu mayi wina anayamba kung'ung'udza.

Filimu ija sindinaizimitse. Mayi uja amaliranso kachiwiri, chakumapeto.

Amuna onse anakweza maso mumtengo. Nyimbo inaduka pakati. Ndipo nthawi yomweyo, kunjira ya kuseri yochokera kudambo, kunatulukira aNachisale.

Mbali yawo ya nkhaniyi ndi iyi. M'mawa umenewo anadzuka akumva mphamvu, atatopa ndi mphasa. Poona kuti ana amene ankawaletsa apita, anakhoma chitseko n'kudzera njira ya kuseri kupita kukaona mpiru wawo kudimba. Ali mkati mothirira anamva kulira, ndipo atatchera khutu anazindikira kuti kukuchokera pakhomo pawo. Mayi amene ana ake awiri akwera minibasi m'mawa womwewo saganiza zambiri. Anataya kheni n'kuthamanga, opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, duku litagwera panjira, akukuwa kuti ana anga ine.

Ndaonera mafilimu oopsa a m'maiko ambiri, koma palibe wopanga filimu amene anafikapo pa zimene ndinaona tsiku limenelo. Malemu akulowa pamaliro awo omwe, imvi zili yangayanga, akulira, ndipo mumtengo mukulira wina wosaoneka. Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Mkulu wina wa mpingo, munthu wa thupi lake, anadutsa pampanda wa udzu n'kusiyapo khomo limene linagwira ntchito mpaka mvula. A Dikisoni anabwerera mu vidiyo n'kudzitsekera. Ufa unatayika, nsapato zinatsala.

Amene sanathawe ndi aNambewe. Apongozi anga anawagwira mapewa.

"Ndani? Yohane kapena Esnati? Ndiuzeni msanga."

"Ndi inu," anatero aNambewe.

"Ine chiyani?"

"Mwamwalira ndinu."

ANambewe anatambasula dzanja n'kukhudza phazi la matope lija, kenako anayamba kulira kwina, kosiyana ndi koyamba kuja.

Munthu yekhayo amene ankadziwa zonse ndinali ine, ndipo ndinali munthu yekhayo pa Nsaru amene sankaloledwa kuima pamaso pawo. Mwamwayi a Kamwendo anali atangofika panjinga, atamva za mlongo wawo, ndipo anaima pakati pa bwalo atagwirabe mahandulo, akuyang'ana malemu. Ndinagwada kuseri kwa thunthu la mango, nkhope ndikuloza kumsewu, n'kuitana motsitsa.

"Amalume, auzeni amayi kuti ana ali bwino, ali kutauni. Akulirayu ndi mzungu."

"Mzungu wake uti?"

"Ali mu vidiyomu."

A Kamwendo anayang'ana mumtengo, anayang'ana ine, n'kuimika njinga mosamala kwambiri. Ndinakagogoda kuti a Dikisoni anditsegulire ndizimitse filimu, ndipo anakana mpaka nditatchula dzina la abambo anga.

A Yohane ndi Esnati anafika dzuwa litapendeka, pa kagalimoto ka matola kamene anachita kupempha kuti kasaime panjira. Nthambi zija panalibe amene anakumbukira kuzichotsa. Esnati anatsika akulira kuyambira kumsewu, anazungulira vidiyo, n'kupeza amayi ake ali pamphasa akumwa madzi. Zimene zinachitika pamenepo sindizisandutsa nthabwala. Anawakumbatira nthawi yaitali, akuwagwiragwira kumaso. Atamaliza anadzuka, anapukuta misozi, n'kundifunafuna ndi maso mpaka anandipeza kuseri kwa nkhokwe.

"Munaika ija ya makapu, eti?"

Ndinavomera. Sanandilankhulenso sabata yonseyo.

Madzulo ake anakhala pansi apabanja. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe komwe kuja, kumene ndinkamva zonse. A Kamwendo anati chinkhoswe chiyambe chaima. Anati munthu amene wapha apongozi ake asanalowe n'komwe m'banja, akadzalowa adzatani? Anakumbutsa kuti adzukulu anali atatola kale makasu, ndipo pakanapita kanthawi pang'ono bwenzi kumanda kuli dzenje lopanda mwini. Anakumbutsanso kuti mlongo wawo ndi wodwala mtima, ndipo liwiro lija likanatha kusandutsa bodza kukhala zoona. A Yohane anayesa kunditeteza ponena kuti ndine munthu wabwino koma wophunzira. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikafotokozere kwathu, kumene anali atagula kale tambala.

Apongozi anga analankhula pomaliza, ali pakhonde, akuuza achimwene awo koma mokweza kuti nkhokwe imve. Anati iwo akwiya, ndipo miyendo ikuwawawa. Koma anati anthu ambiri amapita osadziwa amene adzawalire, pamene iwo aona ndi maso. Anaona amene anabwera ndi ufa, anaona amene anabwera ndi beseni lopanda kanthu, ndipo amva kale za amene anafunsa kuti dimba lija atenga ndani.

"Koma woyamba kufika," anatero, "ndi uja tinkalimbirana chitsime. Wasiya chimanga chake kuchigayo, mbuzi zadya. Zimenezi ndikanazidziwira kuti?"

Kenako anagamula. Ufa wonse ndi nkhuni zonse zimene anthu anabweretsa, mkamwini azibweze yekha, khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse anene ndi pakamwa pake kuti aNachisale ali moyo, apepese, ndipo awaitane kuchinkhoswe Loweruka. Chimanga cha aNambewe abweze. A Kamwendo anayesa kutsutsa, koma anauzidwa kuti maliro anali a eni ake, ndipo eni ake alankhula.

Ndinayenda masiku otsalawo ndikukankha njinga ya a Yohane, nkhuni kumbuyo, timabeseni pa handulo, ana akunditsatira akulira monyogodola. Ndinadziwa midzi yozungulira Nsaru kuposa mmene ndimadziwira mzinda umene ndakhalamo zaka zonsezi. Pena ankandipatsa mpando ndi chigumu, pena ankandisakizira agalu. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti pakhomo lililonse pamene panali mwamuna amene anali mu vidiyo muja, ndikamaliza kupepesa ankandiperekeza mpaka kunjira, n'kufunsa motsitsa kuti kodi m'kapu muja ankamwera ndani. Ndinkawauza kuti filimuyo sinena, ndipo ubwino wake ndi umenewo. A Dikisoni anati chiyambire tsiku lija amawerenga makapu asanagone, ndipo anandimeta ulere pokonzekera Loweruka, ngakhale mbali imodzi anapitirira dala.

Chinkhoswe chinachitika, ndipo anthu anachuluka kuposa amene anabwera kumaliro. Pa nthawi ija amabweretsa akazi ofundidwa nsalu kuti mwamuna aloze wake, woyamba kumubweretsa anabwera akung'ung'udza, kenako kukweza, kukoka mpweya, kukwezanso. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Atamuvundukula anali aNambewe. Esnati anali wachitatu, atavala yobiriwira, ndipo nditamuloza anandinong'oneza kuti mwayi wanga ndi wakuti amayi ake amakonda nkhani. Awa anali mawu ake oyamba kuchokera tsiku la msika lija.

Filimu ija a Yohane anaionetsanso pambuyo pake, anthu atawavutitsa, koma ndi maiki m'manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'kumasulira kwawo, m'kapu muja ankamwera mkazi wachiwiri wa bambo uja, mfiti ya ku Mchinji. Anthu anakhutira kwambiri. Ine ndinatuluka.

Lero vidiyo ija kulibe. Nyumbayo amagulitsiramo feteleza ndi mbewu, ndipo achinyamata amaonera mafilimu pa foni, aliyense payekha, timawaya tili m'makutu. Palibenso amene angaopsezedwe pamodzi ndi anzake pabenchi limodzi, kapena kufunsa mokweza kuti wankhondo afika liti. Mtengo wa mango ulipo, ndipo kachidutswa ka waya kaja kanamira m'khungwa. Ndikapita ndimakakhudza. ANambewe anatisiya zaka zingapo zapitazo, ulendo uno zenizeni. Anali atathirira limodzi ndi apongozi anga kuchokera pachitsime chimodzi zaka zonse zotsalazo, ndipo woyamba kufika pakhomo pawo akulira anali aNachisale.

Ine ndi apongozi anga tinayamba kulankhulana mwana wathu woyamba atabadwa, ndipo nkhani ya filimu sitinaikhudzepo. Koma mwezi wathawu, tili pakhonde, anandifunsa mwadzidzidzi ngati mayi uja akadalipo. Ndinafunsa kuti mayi wake uti. Anati uja anawalira. Anati akalamba, ndipo sakufuna kupita asanaone nkhope ya munthu amene anayamba kuwalira asakuwadziwa.

Ndinaifufuza filimuyo mpaka ndinaipeza, ndipo Loweruka likubwerali tikupita nayo ku Nsaru pa kompyuta ya m'manja. Esnati wanena kuti kasipika kanga katsale kuno, ndipo wakabisa. Apongozi anga alamula kuti tikaonere pakhonde, masana, iwo atakhala poonekera kumsewu, ndipo a Yohane akaime pachipata kuuza odutsa kuti onse ali bwino. Ine ndavomera zonse. Sindinawauze kuti m'chikwama ndaikamonso ija ya telala wa ku Korea. Mulibe kulira m'menemo, mwangokhala kugogoda pachitseko.